Musadule Nthochiyo

Joni, 12 Março 2023

Amake Elisa,

Ndikuyamba ndi moni. Muli bwanji kumeneko ku Lifidzi, inu ndi Elisa, amayi, ndi alamu anga aVitória? Ine ndili bwino, kupatula chifuwa chija chimene chimandiyendera mvula ikamatha, koma sichinandigoneke.

Musadabwe kuti ndabwerera ku pepala ngati munthu wakale. Mawu a pafoni mumawamvera pakhonde, ndiye ndikamati ndikulankhula ndi mkazi wanga ndimapezeka kuti ndalankhula ndi mudzi wonse, mpaka nkhuku. Kalatayi akupatsani aPita a lole, pamodzi ndi ndalama ya adubo, feteleza uja wa mbatatesi, ndi nsapato za Elisa. Zikakhala zazikulu musadandaule, phazi lizipeza. Nyemba musagulitse msanga, a ku Domwe mwezi uno amagula ngati akutola.

Tsopano nkhani munandiuza ija. Akuti amalume aHermínio atopa, akufuna tikakolola adule thunthu la nthochi, alikulunge, aliike m'manda m'malo mwa achimwene anga aRomano, anthu amete, aVitória asudzulidwe apite kwawo. Ndamva. Ndamvanso kuti amayi akana, akuti adikira mawu a ine amene ndili kuno. Ndiye mawu anga ndi awa: musadule. Zaka zisanu ndi zitatu munthu ali zii n'zambiri, sindikukana, ndipo alamu anga ndimawamvera chisoni. Koma ine mtembo sindinauone, ngakhale munthu amene anauona sindinakumane naye. Joni ndi wamkulu, munthu amasowa ali moyo.

Ntchito ya zomangamanga ija inatha. Tsopano ndili pa loja, sitolo ya zinthu zakale ya mdala wina wachimwenye, dzina lawo aRamdhani. Ndimasesa, kunyamula mipando, ndi kupukuta mawotchi amene anasiya kuyenda ife tisanabadwe. Anthu akuno amalipira ndalama zambiri pa zinthu zimene kwathu tikanasonkhera moto. Sabata yatha kunabwera bokosi lolemera lochokera kutsidya la nyanja. Ine ndimati muli golide. Munali timagalasi, tofanana kukula ndi ta pawindo la tchalitchi cha ku Fonte Boa, takuda ngati tofuka utsi. Akuti ndi zithunzi. Ndidzakuuzani ndikaziona bwino.

Mupereke moni kwa onse ofunsa.

Ine wanu,
Custódio

Joni, 7 Maio 2023

Amake Elisa,

Moni kwa inu nonse. Ndakondwa kumva kuti malungo a Elisa atha ndipo wabwerera ku shikola. Ine chifuwa chasiya. Nkhumba yaikazi ija musaiphe ngakhale alendo abwere otani, alendo adye nyemba.

Magalasi aja ndawaona. Galasi ukaliika patebulo suona kanthu, koma ukalikweza kuloza kowala, mumatuluka dziko. Zonse n'zotembenuka, thambo lakuda bii, anthu akuda oyera mbuu. Ndi doko la pachilumba china chakutali, pakati pa nyanja ya kwa amwenye, dzina lake Andamani, kumene Angelezi ankatayako akaidi kalekale, makina ojambulira atangoyamba kumene. Mukuoneka mlatho wamatabwa wolowa m'madzi, sitima yautsi itaima chapatali, nkhalango kumbuyo, ndi amuna atandanda ndi madengu a miyala pamutu. Aliyense ali ndi mkombero wachitsulo m'khosi, polendewera kathabwa ka nambala. Mdala akuti masiku amenewo wojambulidwa ankayenera kuima nji osagwedezeka, wosuntha ankatuluka ngati utsi. Ndiye akaidi, poopa chikoti, anatuluka bwinobwino mpaka nthiti kuwerengeka. Galu wa msilikali ndiye anatuluka wa mitu iwiri.

Ndi Chingelezi changa chothyokathyokachi ndamvako chifukwa chimene mdala anagulira bokosili. Agogo a agogo awo anawatengera kuchilumbako chifukwa choukira Angelezi. Wowoloka nyanja imeneyo sankabwerera, ndiye abale kumudzi anamanga chidole cha udzu n'kuchiwotcha monga achitira maliro kwawoko, mkazi n'kuvala zaumasiye. Patapita zaka kunafika munthu wina womasulidwa, n'kunena kuti mwamunayo ali moyo, akusenza miyala padoko, ndipo sitima ikafika amafunsa ngati yabwera ndi uthenga wake. Abale anati ife tinalira kale, sitingalire kawiri. Sanamutumizire mawu.

Amake Elisa, nditamva zimenezi ndinakumbukira nthochi yathu ija. Kawauzeni amalume nkhaniyi monga ndalembera. Iwo nthochi ali nazo zambiri kuseri kwa nyumba, n'chifukwa chake dzanja likuwayabwa. Za bambo wa mbatatesi wa ku Domwe amene akufunsira alamu ndinamva kale, musaganize kuti kuno mphepo siifika. Adikire.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mdala nkhope ya agogo awowo saidziwa. Amangokhala ndi galasi lokulitsira zinthu, kuyang'ana mkaidi mmodzimmodzi. Ndinawafunsa kuti mudzawazindikira bwanji? Anati, "Magazi adzandiuza." Lolemba magazi anawauza wamtali wa kumapeto kwa mzere, pofika Lachinayi anawauza wina wandevu. Ndimafuna kuseka, koma ndikakumbukira mmene ine ndimasuzumirira nkhope za anthu pa siteshoni, kuseka kumatha.

Bambo wina wa ku Ulongwe amene timapemphera naye limodzi akuti anaona munthu wofanana ndi achimwene akuwotcherera zitsulo ku lokeshoni ina kum'mawa kwa tauni. Ndipita ndikapatsidwa tsiku lopuma. Amayi musawauze kaye, ndawadyetsa mphekesera kokwana.

Ine wanu,
Custódio

Joni, 2 Julho 2023

Amake Elisa,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino nonse. Kuno kukuzizira kuposa ku Domwe, madzi a pampopi akuluma m'manja. Ine ndili bwino m'thupi.

Ku lokeshoni kuja ndinapita. Ndi kutali, matakisi awiri. Ndinapita, ndinabwerako. Zimene ndinaona ndidzalemba mutu ukakhala m'malo. Musachite mantha, sindinamenyedwe, sindinaberedwe, ndipo palibe uthenga wa maliro.

Ndatumiza bulangete la amayi ndi sopo. Chimanga musagulitse ngakhale thumba limodzi, chaka chino sindikuchikhulupirira. Denga la khitchini likonzedwe dzuwa lidakalipo, musadikire mitambo monga munachitira chaka chatha kenaka n'kumandinena ine. Kodi mtengo wa mapichesi wa pakhomo pa amayi uja udakalipo? Ndangofunsa.

Mdala wandiphunzitsa kusamala magalasi aja. Umagwira m'mphepete mokha, fumbi umachotsa ndi kaburashi kofewa, madzi ayi, chifukwa chithunzicho ndi kakhungu kopyapyala kongomatirira pagalasi, ndipo ena anafukira chinyezi m'bokosi. Tsopano ndimaswera ndi akaidi aja. Pali wina wakhala pa mulu wa miyala, manja pamaondo, akuyang'ana wojambula ngati akufuna kumutuma mawu. Ameneyo masiku ano ndikulephera kumuyang'ana nthawi yaitali.

Amalume akafunsa, auzeni kuti mawu anga sanasinthe. Kapena mungowauza kuti sindinalembepo kanthu.

Ine wanu,
Custódio

Joni, 20 Agosto 2023

Amake Elisa,

Moni kwa inu ndi mwana. Kalata iyi mukawerengere kudimba muli nokha. Mwandidandaula kuti ndakhala chete ndipo kalata yapita ija inakusowetsani mtendere. Pepani. Ndinayamba kulemba kangapo n'kumang'amba.

Achimwene ali moyo. Ndinawapeza atawerama pa geti lachitsulo, chigoba chowotcherera chili kumaso. Atachivula ndinaona nkhope ya malemu bambo athu. Ndinati, "Achimwene!" Anandiyang'ana, n'kundiyankha m'Chizulu kuti geti lotere mtengo wake ndi wakutiwakuti. Pakhomopo panali mayi akuyanika zovala, ndi ana awiri akusewera. Kumeneko dzina lawo ndi Sibusiso. Ali ndi chitupa cha dziko lino, ndipo mayiyo, amene ndi mkazi wawo, ndi abale ake amadziwa kuti kwawo ndi KwaZulu, makolo anatha kalekale. Zinayamba chaka chija ankawotcha nyumba za alendo. Anabisala m'dzina la munthu wina kuti apulumuke, ndiye sanatulukemonso.

Anandiperekeza ngati wodzagula geti mpaka kuseri kwa mpanda wa shikola ina. Kumeneko ndiye analankhula Chinyanja, chikuwakakamira pakhosi.

"Wadzatani kuno, Custódio? Ufuna andiphe?"

"Amayi akudikira. Alamu akudikira. Amalume akufuna kuika nthochi."

Anakanda chipsera cha padzanja. Kenaka anati, "Auze aike."

"Inu muli moyo, achimwene!"

"Amene mukumudikirayo kulibe. Aike, Vitória apite, asakalambire pakhomo pa eni."

Za amayi sanafunse. Anangofunsa ngati mtengo wa mapichesi umene anabzala uja udakalipo, basi n'kubwerera ku geti lawo.

Ndinalira mu takisi, anthu akundiyang'ana, ine osasamala. Ndakwiya, amake Elisa, ndakwiya kwambiri, komanso ndikuchita manyazi. Ndinanyoza amalume, ndinatsekera alamu njira, ndatha nsapato kuzungulira Joni, chifukwa cha munthu amene akudzipemphera yekha manda. Koma ukawaona mmene ankayang'anira uku ndi uku polankhula nane, ngati mbava, ukali umasanduka chisoni. Munthu wamkulu, mwini ntchito yake, kuopa chilankhulo cha make.

Musauze munthu aliyense, ngakhale mayi anu. Ndipatseni nthawi ndiganize.

Ine wanu,
Custódio

Joni, 24 Setembro 2023

Amake Elisa,

Moni. Ndathokoza pomva kuti nonse muli bwino ndipo nkhumba yaswa. Ana ake musalonjeze munthu ndisanabwere. Ine ndikudzuka, ndikugwira ntchito.

Kalata yanu ndalandira, ndipo yandiwotcha. Mukuti ndikusunga aVitória ngati mbuzi yapachingwe pomwe zoona ndikuzidziwa. Mukuti mukamapita nawo kumjigo mumalephera kuwayang'ana kumaso, ndipo amayi akamapempherera achimwene mumatuluka panja. Mukunena zoona, sindikutsutsa. Koma tayimani pamene ndaima ine. Ndikanena kuti ali moyo, amalume sasunga mawu, nkhani ikwera lole n'kufika ku lokeshoni, ndipo kuno munthu wa chitupa chogula sachedwa kuona zoopsa. Amayinso amva kuti mwana wawo anawaika m'manda iwo ali moyo, pouza akuchikazi kuti alibe make. Ndikanena kuti dulani, ndiye kuti ndaika m'bale wanga wamoyo ndi pakamwa pangapa, ndipo tsiku limene mtima udzawabweze, anthu adzawathawa ngati mzukwa. Ndikatembenukira uku kukuwawa, uku kukuwawa.

Kuntchito nakonso ndalakwitsa chinthu chachikulu. Mdala anali atakhazikika pa mkaidi wokhala pamiyala uja. Anati basi ndi ameneyu, makutu ndi a kwathu. Anaitana mwana wawo wamkazi kudzaona, anagula ndi maswiti kugawira oyandikana nawo. Sindinawaonepo akusangalala choncho. Lachisanu ndikuchotsa fumbi pagalasi limenelo, maganizo ali ku lokeshoni, ndinaona kadontho pamphumi pa munthuyo. Ndinachita zimene timachita tikaona chinthu pankhope ya mwana. Ndinanyowetsa chala ndi malovu n'kupukuta. Nkhope yonse inatsalira pachala changa ngati mwaye. Thupi lilipo, manja ali pamaondo, kathabwa ka nambala kalipo, koma pamutu pangotsala galasi loonekera.

Ndinakawasonyeza ndekha, ndikudziwa kuti ntchito yatha. Anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Mwina sanalinso iyeyu." Anatseka bokosi. Chiyambire tsiku limenelo sanalitsegulenso, amangokhala pakhomo la loja kuyang'ana magalimoto. Sanandikalipire, sanandidule malipiro. Bola akanandimenya, amake Elisa. Munthu uja anaima nji tsiku lija kuti nkhope yake itsale padziko, yawoloka nyanja, yadutsa m'manja mwa anthu ambirimbiri, kudzathera pachala cha Custódio wa ku Lifidzi.

Ndipitanso ku lokeshoni komaliza. Auzeni amalume andipatse mpaka mvula yoyamba.

Ine wanu,
Custódio

Joni, 29 Outubro 2023

Amake Elisa,

Moni kwa inu nonse. Ndamva kuti mwayamba kugalauza. Mbewu mugule ku Ulongwe, ya pamsika wa pamalire ija chaka chatha inatinamiza. Ine ndili bwino.

Ku lokeshoni ndinapita Lamlungu lapitalo. Tinakumana kuseri kwa mpanda komwe kuja. Ndinawapempha chinthu chimodzi chokha, chithunzi choti amayi aone. Nditatulutsa foni anandigwira dzanja mwamphamvu.

"Chithunzi chimayenda, Custódio. Lero chili kwa amayi, mawa chili pafoni ya aliyense."

"Ndiye mawu okha. Muwapatse moni basi."

"Ndikayamba moni sindimaliza."

Kenaka anafunsa kuti kodi nthochiyo amaikulunga m'chiyani. Ndinati m'chovala cha mwini wake, koma zanu zinatha, zina njenjete zinadya, zina amalume anavala. Pamenepo anavula jekete la ntchito limene anavala, labuluu, lobookabooka ndi moto wa zitsulo, n'kundiika m'manja. Anati, "Akakulungire ili." Anatembenuka n'kumapita ndi vesiti yokha. Ndinawaitana ndi dzina lawo lenileni, sanacheuke.

Jeketelo lili m'thumba la pulasitiki limene aPita akupatsani. Ndalimanga kawiri. Musalichape, musaliyanike padzuwa, musalitsegule n'komwe. Mukalipereke m'manja mwa amayi muli awiri, amalume kulibe, aVitória kulibe. Munene kuti Custódio wapeza chovala cha achimwene ake, ndipo akuti mawu amene mumadikira aja ndi amenewa. Musawonjezerepo. Kuwanamiza amayi sindingathe, kuwauza zoona sindingathenso. Koma inu mukuwadziwa, mphuno yawo imamva kuti mwana wadutsa m'dimba la anyezi la eni dzulo. Jekete la munthu amene anafa kalekale silinunkha thukuta. Adziwa okha, ndipo chimene anene ndicho chichitike. Ndikudziwa kuti ndakusenzetsani katundu wanga. Mundikhululukire, ndilibe wina.

Magalasi aja mwana wa mdala akukawapereka kunyumba yosungirako zinthu zakale, akuti bambo ake akudwala nawo. Ndinawakulunga m'mapepala limodzilimodzi, doko, sitima, akaidi, ndi galu uja. Lopanda nkhope lija mdala anakana nalo, analiimika pawindo la loja. Akuti, "Ameneyu tsopano palibe angandiuze kuti si iye."

Mundilembere msanga.

Ine wanu,
Custódio

Joni, 3 Dezembro 2023

Amake Elisa,

Moni. Kalata yanu yafika dzulo, ndaiwerenga nditakhala pa masitepe a loja, makasitomala akundilambalala. Ine ndili bwino. Zikomo chifukwa cha zonse zimene mwachita, ndilibe mawu okwanira.

Mwalemba kuti amayi analilandira jeketelo, n'kuliika kumaso, n'kukhala choncho mpaka inu munachita mantha. Kuti sanakufunseni kanthu, anangotumiza uthenga kwa amalume kuti kadulani. Mwati maliro anayenda bwino, a mpingo anaimba ngakhale abambo padiri sanabwere, anthu anameta, ndipo aVitória analira kuposa onse. Abale awo akadzawatenga, apatseni mbale zija zamaluwa ndi kankhumba kamodzi, asachoke pakhomo pathu chimanjamanja. Anatisungira amayi zaka zonsezi. Muwauze kuti mlamu wawo akupepesa chifukwa chowachedwetsa, ndipo ku Domwe ndidzawayendera.

Mwatinso nthawi yokulunga thunthu itakwana, amayi anatulutsa chitenje chawo cha kutchalitchi, jekete anakana nalo, ndipo amalume atawiringula anawayankha kuti mwana ndi wanga. Lisiyeni m'chipinda mwawo momwemo, musalikhudze posesa.

Ine tsiku la malirolo ndinapita kuntchito monga mwa masiku onse. Tsitsi sindinamete. Ku lokeshoni sindinapite kukanena, ndipo sindidzapitanso. Ndibwera pa Natale, Khirisimasi ino, ndi aPita, mdala wandilola. Koma ndikupempheni, ndikafika anthu asandiperekeze kukaona manda amenewo. Mudzanene kuti ndatopa ndi ulendo, mudzanene chilichonse.

Pomaliza, funso lija amayi anakunong'onezani pobwerera kumanda, loti mundifunse ine ndekha. Muwayankhe muli awiri. Auzeni kuti inde, mwana wawo wanenepa, ali ndi kamimba ngati malemu bambo. Akudya bwino, nyumba yake ndi ya njerwa, siidontha. Ana ndi awiri, wamwamuna ndi wamkazi. Wamkaziyo ali ndi mpata pamano akutsogolo ngati iwo amayi, ndipo poseka amaphimba pakamwa ndi dzanja. Dzina lake sindilidziwa, sanandilole kuyandikira.

Ine wanu,
Custódio